Mwasiya ntchito ku franchise ku Joni, kalata ya loya yakutsatani: yambirani apa

Mnyamata wina wa kwathu, amene anakhala zaka 4 akuwotcha nkhuku m'shopu ya franchise (shopu yogwiritsa ntchito dzina la kampani ina mwa chilolezo) ku East Rand, anafika kunyumba kwanga Lamulungu lina madzulo atapinda kalata kanayi m'thumba la jekete. Anali atasamukira kushopu ina ya mu mall momwemo, poti kumeneko anamuwonjezera kangachepe pa ola. Kalatayo inali ya loya wa bwana wake wakale. Inkati waphwanya pangano limene anasainira, loti akachoka sadzagwira ntchito mu lesitilanti ina iliyonse pamtunda wa makilomita 10 kwa miyezi 12, ndiye asiye ntchito yatsopanoyo pasanathe maola 48. Kumunsi anawonjezera kuti mkangano uliwonse upita ku arbitration, osati ku CCMA, bungwe la boma loyanjanitsa ndi kugamula mikangano ya antchito ndi mabwana. Pofika kwa ine n'kuti mumtima atagamula kale kuti Lolemba sapitanso kuntchito.

Ine si loya. Ndagwira m'mashopu oterewa zaka zambiri, kuyambira kotsuka mbale mpaka pa umanejala, ndipo makontrakiti ngati amenewa ndinasainitsapo anthu ndi dzanja langali, ena osawawerengera n'komwe. Zimene ndikulemba pano ndi za ku South Africa kokha. Kumudzi nkhani za ntchito zimadzera ku ofesi ya leba ndi ku Industrial Relations Court, choncho musazisakanize.

Ndime ziwiri zimene zinamuopseza mnyamatayu zili m'makontrakiti ambiri. Yoyamba amaitcha restraint of trade, yoletsa munthu kukagwira kwa opikisana nawo. Yachiwiri ndi ya arbitration, yonena kuti mkangano akaugamule munthu wapadera amene mbali ziwirizo zasankha. Pa kalata ya loya zimaoneka ngati chingwe chimodzi, koma iliyonse ili ndi khomo lake, masiku ake ndi mafunso ake. Kalatayo payokha siimanga munthu. Chomanga munthu ndi chiletso cha khoti, ndipo kuti bwana achipeze pali mtunda woti ayende.

1. Dziwani kaye amene anakulembani ntchito

Chikwangwani pamwamba pa shopu chikhoza kukhala cha KFC, Steers, Wimpy, Spur, Sorbet kapena PostNet, koma kawirikawiri amene anakulembani si kampani ya dzina limenelo. Ndi munthu wina amene anagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo, maphikidwe ake ndi yunifolomu yake, n'kumapereka gawo la zogulitsa kwa eni dzina mwezi ndi mwezi. Kampani yakeyo ili ndi dzina lakelake, lothera ndi Pty Ltd kapena CC. Liyang'aneni pa payslip, pamutu pa kontrakiti, kapena pa fomu ya UI-19 imene amakupatsani pochoka. Nthawi zina limatuluka ngakhale pa risiti ya kasitomala.

Dzina limeneli ndilo mudzalembe pa fomu iliyonse. Ndaonapo anthu akulemba dzina la pachikwangwani, tsiku la mlandu n'kubwera munthu wa ku head office kudzangonena kuti uyu sitikumudziwa, milungu n'kutayika pokonza dzina.

Palinso chifukwa chachiwiri. Pangano lapakati pa eni dzina ndi mwini shopu ndi lina, kontrakiti yanu ndi ina. Mwini shopu anasainira malonjezo ake, kuphatikizapo restraint yake, koma inu simunalipo. Ngati kalata ikukutchulirani ndime za pangano la franchise, funsani kuti dzina lanu lili pati. Chimene chingakumangeni ndi chokhacho chimene munasainira inuyo.

Shopu ikasintha mwini, funsaninso kuti yasintha bwanji. Ikagulitsidwa ikuyenda, gawo 197 la Labour Relations Act ya 1995 limasamutsa antchito kupita kwa mwini watsopano pamodzi ndi makontrakiti awo, restraint ili momwemo. Koma mu 2013, pamlandu wa PE Pack, khoti la Labour Appeal Court linagamula kuti pamene eni dzina athetsa pangano ndi mwini shopu wakale n'kupatsa wina, kumeneko sikunali kusamutsa kwa pansi pa gawo 197. Zikakhala choncho, mwini watsopano sangangotola kontrakiti yanu yakale n'kumakuopsezani nayo.

2. Sonkhanitsani mapepala, ndipo musafute kalikonse m'foni

Mufunika kontrakiti yonse, osati tsamba lokhala ndi siginecha lokha, ma payslip a miyezi ingapo, kalata yosiyira ntchito kapena yochotsedwera, mapepala a hearing ngati inachitika, ndi kalata ya loyayo pamodzi ndi tsiku limene inafika. Ngati kontrakiti sanakupatseni, ipempheni polemba, ngakhale pa WhatsApp, kuti pakhale umboni woti munapempha.

Kenako tengani cholembera mudule mzere pansi pa zinthu izi mu ndime ya restraint: miyezi ingati, dera liti, ntchito yanji imene yaletsedwa, ndi ngati muli mawu oti ndimeyi ikugwira ntchito posatengera chifukwa chochokera. Mu ndime ya arbitration onani kuti ikukhudza mikangano iti, wogamula amusankha ndani, ndipo alipira ndani.

Ngati muli ndi katundu wa shopu, buku la maphikidwe, mndandanda wa makasitomala, makiyi, pasiwedi, bwezani mwamsanga ndipo wolandirayo asaine. Mauthenga a m'foni asiyeni mmene alili. Munthu amene wafuta mauthenga usiku umene kalata yafika amaoneka ngati wabisa chinachake ngakhale munalibe kanthu.

3. Lekanitsani milandu iwiri, muwerenge masiku

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mlandu wa kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ndi wanu, mumausuma ndinu, ndipo umapita ku CCMA kapena ku bargaining council, bungwe la mabwana ndi mayuniyoni a ntchito za mtundu umodzi, ngati shopu yanu ili pansi pa ina, monga zilili ndi malesitilanti ambiri a ku Gauteng. Mlandu wa restraint ndi wa bwana, amausuma ndi iyeyo, ku Labour Court kapena ku High Court. CCMA ilibe mphamvu yogamula za restraint. Musayembekeze kuti komishonala, womva milandu ku CCMA, akakumasulani pa ndime imeneyo.

Ngati munachotsedwa, kapena munasiya chifukwa bwana anachititsa kuti pantchito pasakhalike, muli ndi masiku 30 okha, Loweruka ndi Lamulungu momwemo, oti mupereke fomu ya LRA 7.11. Lembani, perekani kope kwa bwana, sungani umboni woti analandira, kenako mupereke ku CCMA. Palibe cholipira. Mukachedwa mumayenera kupempha condonation, kufotokoza chimene chinakuchedwetsani tsiku ndi tsiku, ndipo akhoza kukukanirani. Ndalama zimene sanakulipireni, za leave kapena za notisi, nazonso kuyambira 2019 CCMA imazimva ngati malipiro anu ali pansi pa malire amene nditchule mmunsimu.

Ku CCMA amayamba ndi conciliation. Ili ngati bwalo la ankhoswe: komishonala sagamula, amangoyesa kukuyanjanitsani, ndipo maloya saloledwa kulowamo. Zikakanika amapereka satifiketi, inu n'kupempha arbitration pa fomu ya LRA 7.13 pasanathe masiku 90. Nthawi zambiri zonse ziwiri amaziika tsiku limodzi, amati con-arb, choncho pitani ndi mboni zanu ndi mapepala anu tsiku loyamba lomwelo.

Abale ambiri amaopa kupita chifukwa cha mapepala. Mu 2008, pamlandu wa Discovery Health, khoti la Labour Court linagamula kuti mlendo amene pemiti yake inatha akadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Kubwezeredwa pantchito opanda pemiti n'kovuta, poti Immigration Act imaletsa bwana kukulembani, koma chipepeso n'chotheka.

4. Ndime ya arbitration: imakutsekerani khomo la CCMA kapena ayi?

Mawu oti arbitration amasokoneza chifukwa alipo awiri. Ya ku CCMA ndi ya boma, yaulere. Ya mu kontrakiti ndi yapadera, imayendera Arbitration Act ya 1965, ndipo wogamula, kaya wochokera kumabungwe a ogamula monga AFSA ndi Tokiso kapena loya wamkulu amene mwagwirizana, amalipidwa pa tsiku. Munthu wolandira malipiro a pa ola, amene kuyambira pa 1 March 2025 ochepetsetsa anali R28.79, sangakwanitse ngakhale theka la tsiku limodzi. Mabwana ena amaikamo ndimeyi akudziwa zimenezo.

Opanga malamulo anaziona. Kuyambira January 2015, gawo 147 la Labour Relations Act lili ndi kandime kotchedwa 6A, konena kuti CCMA iyenera kusankha komishonala wake kumva mlanduwo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ngati wantchito amalandira zochepera malire amene nduna imaika pansi pa Basic Conditions of Employment Act, ndipo kontrakiti ikufuna kuti alipire gawo lililonse la ndalama za arbitration. Malirewo anali R261,748.45 pachaka kuyambira pa 1 April 2025, ndipo amakwera pafupifupi chaka chilichonse, choncho funsani a chaka chimene muli. Chachiwiri, ngati wogamulayo sali woima payekha, monga pamene kontrakiti ikuti agamule ndi area manager kapena loya wa kampani yomweyo.

Ndiye chitani chonchi. Perekani fomu ya 7.11 m'masiku 30 aja posatengera zimene kalata ya loya ikunena. Bwana akadzadzutsa nkhani ya arbitration pamaso pa komishonala, tulutsani payslip ndi ndime yonena za kulipira, mutchule gawo 147 kandime 6A. Kwa wowotcha nkhuku, wa pa till, woperekera zakudya, ngakhale mamanejala ambiri a shifiti, nkhani imathera pomwepo ngati ndimeyo ikuti mugawane mtengo.

Zimasintha ngati bwana walonjeza kulipira zonse ndipo wogamula ndi woima payekha, kapena ngati malipiro anu apitirira malire. Apo komishonala ali ndi ufulu wosankha, ndipo akhoza kukutumizani ku arbitration yapaderayo. Mukapita kumeneko dziwani kuti chigamulo chake n'chovuta kugwetsa. Kulibe apilo pokhapokha pangano litanena. Gawo 33 la Arbitration Act limapereka masabata 6 opempha khoti kuti lichichotse, pa zifukwa zochepa: wogamula anachita zachinyengo, anaphwanya kwambiri ndondomeko, anapitirira mphamvu zake, kapena chigamulocho chinapezedwa mwa njira yosayenera. Kungolakwitsa kwake sikokwanira. Khoti la Constitutional Court linatsimikiza kupapatiza kumeneku mu 2009 pamlandu wa Lufuno Mphaphuli. Choncho musavomere dzina loyamba limene bwana watchula. Pemphani mayina atatu, mufufuze, ndipo mfundo zimene wogamula akaweruze zilembedwe ndi kusainidwa musanayambe.

Chinanso: ndime ya arbitration siiletsa bwana kuthamangira kukhoti kukapempha chiletso chakanthawi pa nkhani ya restraint. Makontrakiti ambiri amasiya khomo limenelo dala, ndipo lamulo la 1965 lomwelo limalola.

5. Yezani restraint yanu mmene khoti lingaiyezere

Pali bodza limene limayenda m'mataxi ndi m'magulu a WhatsApp loti mapangano oterewa sagwira ntchito. Ku South Africa amagwira. Kuyambira pamlandu wa Magna Alloys mu 1984, khoti limayamba ndi kuona panganolo ngati lovomerezeka. Bwana amangosonyeza kuti munasaina ndi kuti mwaphwanya. Katundu wosonyeza kuti ndimeyo ndi yopitirira muyeso ali pamutu panu. Sizidalira kuti anakulipirani kanthu posaina, ndipo ngakhale kuchotsedwa ntchito sikuifafaniza yokha: pamlandu wa Reeves mu 1996 khoti linati imakhalabe, kupatula ngati bwana anakuchotsani mwachinyengo n'cholinga choti akumangeni nayo. Amene amadalira gawo 22 la Constitution, la ufulu wosankha ntchito, awerenge bwino, chifukwa gawo limenelo limanena za nzika. Ife alendo chimene chimatiphimba ndi gawo 23, lonena kuti aliyense achitiridwe chilungamo pantchito, pamodzi ndi mafunso amene akubwerawa, omwe sasankha pasipoti.

Mafunsowo anachokera pamlandu wa Basson v Chilwan mu 1993. Basson anali katswiri womanga mabasi, ndipo anasainira kuti akachoka sadzagwira ntchito yotere kwa zaka 5 kummwera konse kwa Africa. Khoti linakana kumumanga. Linafunsa kuti kodi bwana ali ndi chinthu chake choyenera kutetezedwa, kodi wantchito akuchiika pangozi, kodi chinthucho n'cholemera kuposa ufulu wa munthuyo wopeza chakudya ndi luso lake, ndipo kodi pali china chokhudza ubwino wa anthu onse. Mlandu wa Kwik Kopy wa 1999, umene unali wa franchise ndithu, unawonjezera lachisanu: kodi ndimeyo siikupita patali kuposa pofunikira?

Funso loyamba ndilo limagamula milandu yambiri, ndipo zinthu zimene makhoti amavomereza kuti n'zoyenera kutetezedwa zilipo ziwiri. China ndi zinsinsi za bizinesi: mitengo yogulira katundu, maphikidwe amene sali poyera, mapulani a malonda. China ndi ubale ndi makasitomala, woti munthu akachoka amawanyamula m'thumba. Kungoopa mpikisano si chifukwa. Luso limene munaphunzira pantchito ndi lanu, ngakhale anakuphunzitsani ndi ndalama zawo. Khoti la Supreme Court of Appeal linanena zimenezi mu 2006 pamlandu wa Automotive Tooling Systems.

Tsopano taonani mnyamata uja. Marinade inkabwera m'zigubu zomata kuchokera kufakitale ya eni dzina. Iye ankangotsegula, kuviika, kuika pamoto, kuyang'ana wotchi. Sankadziwa zimene zili mkatimo, sankaona mabuku a ndalama, ndipo panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lake. Palibe chimene bwanayo akanaloza n'kunena kuti ichi n'changa, wapita nacho. Mu franchise mfundo imeneyi imakula, chifukwa zinsinsi zenizeni kawirikawiri ndi za eni dzina, ndipo ngakhale mwini shopuyo sazidziwa. Ku America kampani ya masangweji ya Jimmy John's inkasainitsa opanga masangweji mapangano a zaka 2 otere, mpaka mu 2016 inavomera kuwasiya itapanikizidwa ndi akuluakulu a zamalamulo a ku New York ndi Illinois.

Koma musatenge nkhani ya wowotcha nkhuku n'kuiveka aliyense. Mayi wina amene ndimapemphera naye ankakonza zikhadabo mu saluni ya franchise. Makasitomala ake ankabukitsa potchula dzina lake, manambala awo anali m'foni mwake, ndipo atasamukira kusaluni ya tsidya lina la msewu anaika pa status kuti ndasamukira apa, bwerani. Ameneyo ndinamuuza mosabisa kuti akapita kukhoti zikamuvuta. Ubale umenewo anaumanga pa nthawi ya bwana, pampando wa bwana, ndipo ndiwo makhoti amateteza. Manejala amene amadziwa mitengo ya ma supplier ndi phindu la mbale iliyonse alinso pamalo oterera. Pamlandu wa Reddy v Siemens mu 2006, wantchito anachoka ku Siemens kupita ku Ericsson, ndipo khoti linamuletsa kwa miyezi 12 m'Gauteng ngakhale panalibe umboni woti waulula kanthu. Linati n'kokwanira kuti zinsinsizo ali nazo m'mutu ndipo akhoza kuziulula.

Khoti lingathenso kudula pakati: miyezi 12 n'kukhala 6, chigawo chonse n'kukhala makilomita ochepa.

6. Yankhani kalatayo, koma mosathamanga

Kukhala chete n'kulakwa, kusiya ntchito yatsopano chifukwa cha mantha n'kulakwanso. Maola 48 aja anaika ndi loya, si khoti. Yankhani polemba, mwachidule: mwalandira kalata, mukufunsa uphungu, muyankha pofika tsiku lakuti. Musavomere kulakwa, musatukwane, musafotokoze mbiri yonse ya mmene ankakuzunzirani.

Uphungu waulere ulipo. Yesani Legal Aid South Africa, ma law clinic a mayunivesite monga wa ku Wits, ofesi ya SASLAW yothandiza mwaulere ku Labour Court, Casual Workers Advice Office ku Germiston, kapena yuniyoni ngati SACCAWU ngati muli membala. Uzaninso bwana watsopano tsiku lomwelo. Mlandu ukapita kukhoti nayenso amatchulidwa, ndipo ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa sheriff, mthenga wa khoti wopereka mapepala ndi kulanda katundu. Ena amathandiza ndi loya wawo.

Mu yankho lenileni funsani funso limodzi lolunjika: chinsinsi chiti, kapena makasitomala ati, amene mukuti ndapita nawo? Kenako perekani malonjezo amene mungasungedi, monga kusaimbira makasitomala akale kwa miyezi yakuti, kusakopa anzanu akuntchito, kusaulula zakuti. Bwana sakakamizidwa kuwalandira, koma milandu yambiri imathera apa, chifukwa iyenso akuwerenga mtengo wa maloya. Mnyamata uja tinamulembera ndime zitatu zokha, zofotokoza ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kufunsa funso limenelo. Kalata yachiwiri siinabwere. Mayi wa zikhadabo anagwirizana nawo zogwira kunthambi ina yakutali kwa miyezi ingapo ndi kuchotsa status ija.

Mukagwirizana, zilembedwe, ndipo onetsetsani kuti simukusainira kutaya mlandu wanu wa ku CCMA mosadziwa. Mawu oti full and final settlement amatseka zonse.

7. Mapepala a khoti akafika

Awa ndi osiyana ndi kalata: ali ndi nambala ya mlandu, chidindo cha khoti, ndi mutu woti notice of motion. Amabwera ngati mlandu wachangu. Pansi pa malamulo atsopano a Labour Court, amene anayamba mu July 2024, woyankha pa mlandu wa restraint amapatsidwa masiku osachepera 7 oti apereke affidavit yake, kutanthauza umboni wolembedwa ndi kulumbiridwa, kupatula ngati pali changu chapadera. Ku High Court masiku akhoza kuchepa. Werengani madeti amene alembedwa pa notice, muwatsate ndendende, ndipo tsiku lomwelo pezani loya. Apa si pomayesa nokha.

Mlanduwu umaweruzidwa pa mapepala, kawirikawiri popanda mboni kuima m'bokosi, choncho affidavit yanu ndiyo pakamwa panu. Musamangoti ndikukana. Fotokozani ntchito yanu kuyambira pofika m'mawa mpaka potseka, zimene munkaona ndi zimene simunkaloledwa kuona, amene ankasunga pasiwedi, kusiyana kwa ntchito yatsopano ndi yakale, malipiro anu, anthu amene mumadyetsa kuno ndi kumudzi. Ngati bwana anadziwa kalekale kumene mwapita n'kukhala miyezi osachita kanthu, nenani ndi madeti, chifukwa khoti limatha kuchotsa mlandu pamndandanda wachangu ngati changucho anachipanga yekha. Kulumbira pa affidavit amachita ulere kupolisi.

Mukapanda kuyankha, chiletso chimatuluka inu kulibe. Chikatuluka, mverani ngakhale mukuganiza za apilo. Kuchinyozera kumabweretsa chindapusa kapena ndende, ndipo woluza akhoza kulamulidwa kulipira maloya a mnzake.

8. Mwapambana, koma ndalama sizikubwera

Ku CCMA chipepeso cha kuchotsedwa mopanda chilungamo chimafika malipiro a miyezi 12, kapena 24 ku Labour Court ngati chifukwa chake chinali cha tsankho, mimba kapena zina zoletsedweratu. Bwana akapanda kulipira pofika tsiku lolembedwa, lembani fomu ya LRA 7.18 kuti chigamulo chitsimikizidwe pansi pa gawo 143, kenako mupite nacho kwa sheriff wa dera la shopuyo kuti akalembe katundu. Apa dzina lija la pa sitepe yoyamba limabweranso: sheriff sangagwire mafiriji a kampani imene siinalembedwe pa chigamulo. Bwana ali ndi masabata 6 opempha Labour Court kuunikanso chigamulocho, koma kupemphako pakokha sikuimitsa sheriff pokhapokha ataika ndalama ya chikole. Chigamulo cha arbitration yapadera chimayamba chasandutsidwa lamulo la khoti pansi pa gawo 31 la Arbitration Act, sheriff asanayende. Musagone nacho m'sutikesi. Mashopu a franchise amasintha manja msanga, ndipo kampani yopanda katundu simungaifinye kanthu.

Kwa amene muli mbali inayo

Alipo abale ochepa amene anafika pogula franchise yawo, ndipo ena ndi mamanejala amene bwana amawatuma kuti thana nayeni uyo. Ngati mukufuna kuti ndimezi zidzagwire ntchito tsiku limene mudzazifune, lekani kusainitsa aliyense kontrakiti imodzimodzi yochokera ku head office. Ikani restraint pa okhawo amene amakhudza zinsinsi kapena makasitomala, dera likhale limene makasitomala anu amachokeradi, miyezi ikhale yochepa, ndipo mulembe chimene mukuteteza. Pa arbitration lipirani mtengo wonse ndipo wogamula achokere kubungwe loima palokha, apo ayi CCMA idzaumva mlanduwo basi. Munthu akaphwanya, tsimikizani kumene wapita, lembani kalata sabata yomweyo, ndipo ngati sakumva pitani kukhoti m'milungu yochepa.

Muwerengenso pangano lanu ndi eni dzina, chifukwa restraint yolemera kwambiri m'shopumo ndi yanuyo. Consumer Protection Act ya 2008 imakupatsani chikalata choulula za bizinesiyo masiku 14 musanasaine, ndi masiku 10 a ntchito oti mubwerere m'mbuyo popanda chilango mutasaina. Akatha amenewo, makhoti amakugwirani pa zimene munalemba. Mu 2020, pamlandu wa Beadica, eni ma franchise anayi obwereketsa zida, omwe kale anali antchito a kampani ya eni dzinalo, anachedwa kupereka notisi yowonjezera lendi ya malo awo. Anafika mpaka ku Constitutional Court akudandaula kuti mabizinesi awo agwa, ndipo anagonja.